Ndinazula Pulagi ya Kansato

Amene anayamba kundiuza anali a dalaivala a pakhomo pathu, bambo a ku Mangochi amene tagwira nawo ntchito zaka zinayi m'nyumba imodzi kuno ku Nuaija, dera la mumzinda wa Doha. Anandipeza kukhitchini ndikusenda anyezi. Anaima pakhomo atanyamula kachikwama kaja kosungira zinthu zozizira, nkhope yawo ikuonetseratu kuti akudziletsa kuseka.

"Achemwali, lero ndakutengerani ndiwo za kwanu."

Ndinatsegula kachikwamako. Munali mbewa. Mbewa zoyera mbee, zing'onozing'ono, zouma gwaa ndi ayezi, zondandalikidwa m'pulasitiki ngati masoseji. Ine ndine wa ku Dedza, mbewa ndakula nazo, kapuku ndi mende ndimazisiyanitsa ndi maso okha. Koma mbewa yoyera chonchi, yogula m'sitolo, ndinali ndisanaionepo.

"Musathamangire mchere," anatero a dalaivala. "Si zanu izi, n'za mlendo. Ali m'galimoto, akudikira kuti mukamulonjere."

"Mlendo wanji wodya mbewa ku Doha kuno, achimwene?"

"Nsato, achemwali. Mwana wa madamu wagula nsato."

Mpeni ndinausiya m'mbale momwemo. Ndinati Yesu wanga katatu, iwo akuseka mpaka kugwira mphuthu ya chitseko.

Ndiyambe ndanena za banja limeneli, chifukwa zimene ndinachita sizingamveke kuipa kwake ngati simudziwa mmene anthuwa anandisungira. M'nyumbamo timakhala ndi madamu, mayi wamasiye, ndi mwana wawo wamkazi womaliza, wa zaka makumi awiri. Bwana anamwalira chaka chimodzi nsato isanabwere. Amayi anga atadwala kumudzi, madamu sanadikire kuti kontirakiti ithe, anandikweza ndege kuti ndikawaone. Lachisanu lililonse amandipatsa ofu kuti ndikapemphere ndi anzanga, ndipo ngakhale iwo ndi Asilamu, ndikachedwa kutuluka amandikumbutsa okha m'Chiarabu kuti yala, fulumira, Mulungu wako akukudikira. Mtsikanayo amanditchula kuti Mama. Ndinamupeza ali pasukulu, ndimamuluka tsitsi, anandiphunzitsa kutumiza mawu pafoni popanda kuvutika ndi kulemba.

Bambo ake atamwalira, mwana uja anazima ngati nyali yotha mafuta. Ku yunivesite anasiya. Anadzitsekera m'chipinda chake cham'mwamba, makatani otseka usana wonse. Chakudya ndinkasiya pakhomo, ndikubwera kudzatenga mbale chisanakhudzidwe. Madamu anayesa madokotala, anayesa achibale, zonse zinakanika. Tsono tsiku limene mwanayo anatsika masitepe yekha n'kunena kuti akufuna kuweta kanjoka, madamu sanafunse kawiri. Akanati akufuna ngamila, bwenzi ngamila itagona pabalaza.

Kansatoko kanali kamwana. Kutalika kwake sikunapose mkono wanga, kunenepa ngati mzimbe wowonda, mawanga akuda ndi ofiirira ngati chitenje chabwino. Kakaopa kankadzipinda n'kubisa mutu pakati, n'kukhala ngati nkhata yosenzera mtsuko. Anakaika m'bokosi lagalasi m'chipinda mwake. Pansi pa bokosilo, mbali imodzi, panali kamphasa kamagetsi kotenthetsa, ndipo pagalasi panali kachipangizo koonetsa manambala a kutentha. Mkati munali timabisala tiwiri ndi mbale yamadzi.

Mtsikanayo anandiitana kuti ndidzaone. Ndinaima pakhomo, phazi limodzi lili kunja.

"Mama, lowani, sikaluma. Kakukuopani kuposa mmene mukukaopera inu."

"Habibti, wokondedwa wanga, kwathu chinthu chimenechi tikachiona timaitana anthu ndi makasu."

Anaseka. Kanali koyamba kumumva akuseka chimwalirire bambo ake. Chimenechi ndinachimva ndi makutu anga, ndinachiona ndi maso anga, koma sindinachisunge mumtima. Chimene ndinasunga ndi mantha.

Kwathu, munthu woweta njoka m'nyumba timadziwa chimene timamutchula. Ndinakula ndikumva za wa golosale wina amene ankati amasunga njoka m'nkhokwe, imene inkamulavulira chuma, ndipo chaka chilichonse inkafuna mutu wa munthu wa pabanja. Palibe amene anaionapo njokayo, koma tonse tinkaidziwa, mpaka mtundu wake. Tsono madzulo a tsiku lomwelo, mtsikanayo ali kubafa, ndinalowa mwakachetechete n'kujambula bokosi lija pafoni. Chithunzicho ndinatumiza kwa mnzanga wa pagulu lathu la mapemphero, mayi wa ku Ntcheu amene amagwira ntchito pahotela ina ku Onaiza, dera lina la mu Doha momwemuno. Ndinaonjezera ndi mawu: "Taonani zimene zalowa m'nyumba muno. Mundipempherere."

Anayankha nthawi yomweyo. "Mayi, ndiye mwaziona nokhatu. Inu mumati chuma chonsechi n'cha gasi wa dziko lino? Nanga bwana uja anafa bwanji, munthu wosadwala?"

Bwana anafa ndi mtima, ine ndinalipo, ambulansi anaiimbira ndi madamu ine nditawagwira mutu bwanawo. Koma sindinamuyankhe mnzangayo choncho. Ndinangoti, "Eeh, zinthu zake."

Masabata atatu anadutsa. Mwana uja anayamba kudzuka m'mawa. Anatsegula makatani kuti kansato kadziwe usana ndi usiku. Ankatsikira kukhitchini kudzasungunula mbewa, ndipo pamene mbewa ili m'madzi ofunda iye ankakhala pampando n'kudya buledi ndi dzira, akundifotokozera zinthu zimene sindinafunse. Kuti kansato kamadya kamodzi pa sabata. Kuti mbewa saiika mu maikirowevu, imaphulika mimba. Kuti kakadya sukagwira masiku awiri. Kuti njoka ilibe moto wakewake m'thupi ngati ife, imabwereka kutentha kwa malo amene yagona. Ine ndinkangoti inde, inde, uku mumtima ndikupemphera pemphero lotchinga. Shelefu ya mufiriji imene munali mbewa ndinkaitsuka ndi madzi amchere.

Kenako madamu anati apite ku Maka masiku khumi kukapempherera mzimu wa bwana, ndipo mtsikanayo anavomera kupita nawo. Madamu analira ndi chimwemwe kukhitchini, atandigwira dzanja. Koma mwanayo anali ndi mawu amodzi: apita pokhapokha ngati Mama avomera kusamala kansato.

Anandikweza m'chipinda chake, n'kundionetsa zonse kachiwiri. Sanandipemphe kukagwira. Anati ntchito yanga ndi itatu yokha: kusintha madzi, kupatsa mbewa imodzi Lachiwiri ndi chopanira chachitali, ndi kuonetsetsa kuti pulagi ya kamphasa kaja isachoke pakhoma. Anagwira pulagiyo ndi chala.

"Iyi ndi moyo wake, Mama. Eyakoni ya m'nyumba muno ingakaphe. M'mawa uliwonse muzinditumizira chithunzi. Mukulonjeza?"

Ndinalonjeza. Ndinatchula dzina la Mulungu polonjezapo.

Ananyamuka Lachinayi. Lachisanu ndinapita ku mapemphero, ndipo titamaliza, mnzanga wa ku Ntcheu uja anandikokera pambali n'kundipatsa kabotolo ka mafuta odzozera.

"Ndamva kuti akusiyirani. Mayi, tsegulani maso. Chinthu chimenecho mukachifunditsa, mukachidyetsa ndi dzanja lanu, ndiye kuti mwalowa nawo m'pangano. Mawa chikafuna mutu chidzayang'ana kwa ndani? Inu muli ndi ana atatu kumudzi."

Ana anga atatu. Pamenepo ndiye anandigwira pamtima. Ndinabwera kuno chifukwa cha iwo, ndimagona ndikuwatchula mayina mmodzimmodzi.

Ndisamunamizire mnzangayo. Sananene kuti zulani pulagi. Nzeru imeneyo inali yanga ndekha. Loweruka m'mawa ndinakwera m'chipinda chija, ndinadzoza mafuta m'makona anayi a bokosi, ndinagwada, kenako ndinatambasula dzanja n'kuzula pulagi. Ndinadziuza kuti sindinaphe kanthu. Ndinati nsato za m'mapiri a kwathu zimakhala bwanji popanda magetsi? Ngati n'kanyama chabe kakhala moyo, ngati n'kachiwanda Mulungu aweruza yekha. Ndinaziona ngati nzeru zakuya. Sindinaganize kuti nsato ya kuphiri ili ndi thanthwe loothera dzuwa, ili ndi una wothawira, pamene iyi inali m'galasi, m'chipinda chimene eyakoni imazizira usana ndi usiku ngati Dedza wa mu Juni. Ine ndemwe polowa m'chipindamo ndinkavala juzi.

M'mawa uliwonse ndinkajambula chithunzi. Ndinaphunzira kupendeketsa foni kuti kachipangizo ka manambala kasaoneke. Ndinkatumiza ndi mawu akuti kali bwino, habibti, pempherani mwamtendere. Iye ankandibwezera timitima tofiira. Tsiku lina anatumiza mawu, kumbuyo kukumveka khamu la anthu: "Mama, lero ndakupemphererani inu ndi ana anu." Ndinamvetsera, ndinaika foni m'thumba la epuloni, ndinapitiriza kukolopa. Lachiwiri linafika, mbewa sindinasungunule. Ndinauza mwanayo kuti kadya.

Lachinayi masana, ndikusita makatani, foni inalira. Anali mwana wanga woyamba, wamkazi, amene ali folomu 3. Sachita kuimba pakati pa sabata, ndiye ndinayankha msangamsanga. Anali kulira moti mawu sankatuluka.

"Amayi, n'zoona kuti mukuweta njoka?"

"Wakuuza ndani zimenezo?"

"Chithunzi chili m'mafoni a anthu onse kuno. Nkhope yanu ikuoneka, amayi. Akuti malata a panyumba pathu ndi a njoka. Kukwaya andiuza kuti ndiyambe ndapuma kaye. Dzulo kumjigo anthu anachotsa zidebe zawo nditaika changa."

Ndinatsegula chithunzi chija choyamba, chimene ndinatumiza ku Onaiza. Ndinali ndisanachiyang'anitsitse. Pagalasi la bokosi, pamwamba pa kansato kodzipinda, panali nkhope yanga, mpango wanga wobiriwira, foni ili m'manja. Mnzanga anatumizira mchemwali wake kuti apemphere nawo, mchemwali wakeyo anatumizira gulu la amayi a kumpingo kwawo, ndipo kuchoka ku Ntcheu kufika ku Dedza si ulendo woti chithunzi n'kutopa.

"Bodza limenelo!" ndinakuwa. "N'kanyama chabe! N'ka mwana wa abwana, wodwala mtima, kamamusangalatsa ngati mphaka! Anthu angamunenere bwanji munthu zaufiti asanaone kanthu?"

Ndinamva mawu anga akubwerera kuchokera m'makoma a nyumba yopanda anthu ija. Mwana wanga anali kunena zina, koma ine sindinkamvanso. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwa ine silinadikire n'komwe mawa. Ndinazimitsa ayironi n'kuthamanga pamasitepe.

Masiku onse aja ndinkayang'ana kansato kudzera pafoni, mwachangu, diso limodzi lili kukhomo. Tsiku limenelo ndinagwada n'kukayang'ana ndi maso. Sikanali m'kabisala. Kanali kutatambalala m'mbali mwa galasi, pamalo pamene kale pankafunda, mutu kataukweza m'mwamba, kukamwa kuli yasa. M'mphepete mwa kamwa munali thovu. Nditaika khutu pafupi ndinamva kakupuma ndi kaphokoso, kofanana ndi kamene mwana wanga wachiwiri ankapuma nako atadwala chibayo ali wakhanda. Ndinagogoda galasi. Sikanadzipinde. Masiku asanu kanagona pamalo omwewo kudikira kutentha kumene ine ndinakalanda.

Ndinabwezera pulagi, ndinazimitsa eyakoni, ndinaimbira a dalaivala.

Anabwera akupukuta m'manja, anayang'ana m'bokosi, anayang'ana manambala, anayang'ana mafuta amene anayenderera pagalasi. Sanaseke.

"Achemwali, mwachita chiyani?"

"Tiyeni kuchipatala cha ziweto, achimwene. Zofunsa mufunsa m'njira."

"Ndiye anyamule ndani? Ine ndimayendetsa galimoto, za njoka sizili pa kontirakiti yanga."

Ndinatenga chikwama cha pilo choyera, monga ndinaonera mwini wake akuchitira. Ndinatsegula chivindikiro. Ndinati Ambuye, dzanja ili ndi lomwe linazula, ndilo ligwire. Ndinkayembekeza chinthu choterera, chonyansa. Kanali kouma, kosalala, kozizira ngati botolo lochokera mufiriji, kopepuka moti ndinachita manyazi kuti chinthu chochepa chonchi n'chimene ndinkalimbana nacho ndi mapemphero.

M'galimoto a dalaivala anazimitsa eyakoni. Kunja kunali kutentha kwa mu Ogasiti, tonse thukuta lili kamukamu. Chikwamacho ndinachiika pamiyendo, manja onse awiri pamwamba. Titadutsa maloboti angapo ndinamva kakusuntha pang'onopang'ono, kakudzikankhira kumimba kwanga kumene kunali kofunda. Ndinawauza a dalaivala zonse, kuyambira chithunzi mpaka pulagi. Nditamaliza anati:

"Anthu apita kukagwada ku Maka, inu mwatsala kuno mukuwatulutsa ziwanda. Ine Msilamu mnzawo ndimakudyerani nsomba zanu tsiku lililonse, bwanji simunandidzoze mafuta?"

Poimika galimoto anatsitsa mawu.

"Mverani. Mukanena kuti pulagi inasololoka mukuklina, simunaone. Zimachitika. Mukanena zinazo, mwezi uno sutha muli pandege. Ganizirani ana."

Dokotala anali mayi wa ku India, wachifatse. Anatsegula kukamwa kwa kansato ndi kamtengo kapulasitiki, anamvetsera, anapukusa mutu. Anati chifuwa chalowa m'mapapo chifukwa cha kuzizira, ndipo tikanachedwa masiku ena awiri bwenzi tikunena zina. Anakabaya jakisoni, n'kunena kuti tizibwera nako masiku atatu alionse. Kenako anafunsa kuti kodi magetsi anazima?

"Pulagi inasololoka poklina," anatero a dalaivala.

Dokotala anandiyang'ana. Ine ndinagwedeza mutu kuvomereza. Anandisisita paphewa n'kunena kuti ndachita bwino kuzindikira msanga, antchito ambiri sakanakagwira n'komwe.

Madamu ndi mwana wawo anabwera Lamlungu. Ndinali nditawauza kale pafoni bodza la pulagi yosololoka. Mtsikanayo sanavule n'komwe nsapato, anathamangira m'mwamba. Ndinamupeza atakhala pansi pafupi ndi bokosi, chipumi chili pagalasi. Ndinkadikira kuti andikalipire. Anatembenuka, maso ali ofiira, n'kundikumbatira.

"A dalaivala akuti munakanyamula ndi manja anu, Mama. Inu amene mumakaopa chonchija."

Madzulo madamu anandiitana pabalaza. Anandipatsa tende, zipatso zotsekemera za kuno, botolo la madzi a kuchitsime chopatulika cha ku Maka, ndi nsalu zitatu za ana anga. Anati khalasi, zatha basi, zapulagi usazidandaule, kulakwitsa n'kwa munthu. Anati Mulungu ananditumiza m'nyumba mwawo.

Ine ndakhalapo ndi manyazi m'moyo. Ndinachitapo manyazi pobwezedwa kusukulu chifukwa cha yunifolomu yong'ambika, ndinachitapo manyazi pamene bambo a ana anga anatisiya. Koma amenewo anali manyazi ochitiridwa ndi ena. Awa anali ophika ndekha. Tende uja ndinamuika m'kabati, sindinathe kudya ngakhale mmodzi. Ndikagwada kuti ndipemphere, pemphero linkandikanika. Mwana uja anayambanso kusadya. Ankakhala pafupi ndi bokosi tsiku lonse kuwerenga mapumidwe a kansato, ndipo tsiku lina ndinamumva akuuza madamu kuti cholakwa n'chake, akanamata pulagiyo ndi tepi, akanapanda kupita, chilichonse chimene iye wakonda chimafa.

Mawu amenewo ndiwo anandithyola. Bodza langa linali litapeza pogona, ndipo pogona pake panali pamsana pa mwana wamasiye.

M'mawa mwake, titabwera kobayitsa jakisoni wachitatu, ndinamutsatira m'chipinda n'kutseka chitseko. Ndinagwada monga timagwadira kwathu pamaso pa munthu amene tamulakwira. Anadabwa, anati Mama dzukani, mukutani. Chingerezi changa n'cha sitandade sikisi, chothyokathyoka, Chiarabu changa n'cha kukhitchini. Koma mawu amene ndinafuna anali ochepa.

"Pulagi sinasololoke. Ndinazula ine. Loweruka. Ndinabwezera Lachinayi. Mbewa sindinapatse. Zithunzi ndinkabisa manambala."

Anakhala pabedi pang'onopang'ono.

"Chifukwa chiyani?"

Ndinamufotokozera za kwathu. Za wa golosale, za njoka yolavula chuma, za mutu wa munthu chaka chilichonse. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha mmene zinkamvekera m'chipinda chimenecho, pamaso pa kanyama kopuma movutika. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye mumaganiza kuti ine ndine mfiti."

"Ndinkaopa, habibti."

"Ndi bambo anga? Mumaganiza kuti tinawapereka ife?"

Sindinanenepo zimenezo ndi pakamwa panga, koma zinanenedwa m'khutu mwanga ine n'kuyankha kuti eeh, zinthu zake.

"Mwauza anthu angati?"

"Mmodzi. Koma zafika kutali."

Sanalire, sanakweze mawu. Anati, "Inu munandisambitsa tsiku la maliro, Mama. Ndinkalephera kuima." Kenako anati nditulukemo.

Ndinatsika n'kukauzanso madamu, chifukwa ndinaona kuti ndikadikira ndiyambanso kusoka bodza lina. Madamu anati ndamva, pita ukagwire ntchito. Ndinalongedza chikwama changa n'kuchiika kuseri kwa chitseko. A dalaivala atamva anagwira kumutu. "Achemwali, ndinakupatsani mlatho wabwinobwino, inu mwasankha kusambira."

Tikiti sinabwere. Chimene chinabwera ndi chete. Masabata anayi mwana uja sanandilankhule. Chipinda chake ankakiya, ankakolopa yekha. Akafuna kanthu kukhitchini ankatenga yekha, akundilambalala ngati mpando. Dzina lija la Mama linasowa m'nyumba. Kunena zoona, kubwezedwa kumudzi kukanandipepukira. Ndinkangomva kwa a dalaivala kuti thovu latha, kuti kayamba kudzipinda, koma kakukanabe kudya, ndipo dokotala akuti kamwana kotere kakapitiriza kukana chakudya sikalimba. M'mawa uliwonse ndinkagwada pafupi ndi bedi langa kupempherera njoka. Ine amene. Ndinkati Ambuye, munakalenga ndinu, kapatseni njala.

Lachiwiri lina m'mawa ndikutsuka mbale ndinamva mapazi kumbuyo kwanga. Anaika chinthu pathebulo. Linali khungu la kansato, kafundula lonse lathunthu kuyambira kumphuno mpaka kumchira, lopyapyala ngati pepala la anyezi, ngakhale malo a maso akuoneka.

"Kakafundula kamamva njala," anatero, osandiyang'ana. "Sungunulani imodzi. Madzi ofunda, osati otentha."

Ndinasungunula mbewa ija ngati ndikuphikira mlendo wolemekezeka. Ndinaiyesa pamkono monga timayesera mkaka wa mwana. Ndinakwera nayo, chitseko chinali chotsegula. Anandipatsa chopanira.

"Inu. Munali ndi Lachiwiri limodzi limene simunachite."

Ndinapana mbewa ija n'kuitsitsira m'bokosi. Kansato kanatulutsa mutu m'kabisala, lilime likulowa ndi kutuluka. Kanayang'ana nthawi yaitali. Kenako, ndisanaphethire, kanali katailanda n'kuizinga. Ndinakuwa, chopanira chinagwa pansi. Mtsikanayo anatseka chivindikiro, anakhala pansi, n'kubisa nkhope m'mawondo, mapewa akugwedezeka. Sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka, ndipo sindinafunse. Ndinakhala pansi pomwepo, patali pang'ono, mpaka mchira wa mbewa unalowa.

Sindinganene kuti zonse zinabwerera mwakale. Anayambanso kundilankhula, ndipo mwezi watha wabwerera ku yunivesite. Dzina la Mama limabwera masiku ena, masiku ena ayi. Pulagi ija anaimata ndi tepi yofiira, yambirimbiri, ndipo ndikamakolopa ndimaiona. Sananenepo kanthu za tepiyo. Ine ndimaiwerenga bwinobwino ngakhale sukulu ndinalekera panjira.

Chimene chinandikanika kubweza ndi mawu. Lachisanu lina ndinaimirira pagulu lathu n'kunena zonse. Ena anamva. Ena ananong'onezana kuti njoka yamugwira mtima, taonani akuiikira kumbuyo. Mnzanga wa ku Ntcheu anapepesa za chithunzi, koma mpaka lero akadutsa ku Nuaija salowa pageti pathu. Kumudzi ndinaimbira abusa, ndinawafotokozera, mwana wanga anabwerera kukwaya, komabe alipo amene amayang'ana denga lathu n'kugwedeza mutu. Zimenezo ndazilandira, ndinaziitana ndekha. Chimene chimandiwawa n'chakuti kwinakwake, m'foni ya munthu amene sindimudziwa, muli chithunzi cha chipinda cha mwana wamasiye, ndi mawu onena kuti anthu amenewa anadya bambo awo.

N'chifukwa chake ndakhala pansi n'kulemba izi, pang'onopang'ono, masana a ma ofu anga, m'kope limene anandipatsa ndi mtsikana yemweyo. Ngati chithunzicho chinakufikani, chifufuteni, ndipo amene anakutumizirani mumuuze kuti mayi wa mpango wobiriwira uja akuti ananama ndi iye.

Kansato kakula tsopano, kutalika kwake kukufika paphewa langa nditaimirira. Madzi ndimasintha ndine.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukamagwada, kaya mumagwadira kutchalitchi kaya kumzikiti, mulikumbukire banja limeneli: mayi wamasiye amene anandisunga nditamulakwira, ndi mwana wake wamkazi amene akuphunziranso kukhulupirira anthu chifukwa cha zimene ine ndinamuchita. Mayina awo sindinalembe, koma Mulungu akuwadziwa. Mukatero, ngati mpata watsala, mutchulekonso ana anga atatu ku Dedza.